Ulusi wa FIBAN pochotsa utoto m'madzi otayidwa: umagwira msanga, koma mlandu uli pomasula

FIBAN ndi ulusi wopangidwa ku Minsk, m'dziko la Belarus, ku Institute of Physical Organic Chemistry ya National Academy of Sciences ya dzikolo, ntchito yomwe Vladimir Soldatov adaitsogolera kwa zaka zambiri. Mukaugwira m'manja simungaganize kuti ndi katundu wa ku labotale. Umabwera ngati thonje lodulidwadulidwa, ngati ulusi wokulunga, kapena ngati nsalu yokhuthala yosalukidwa, yofanana ndi bulangeti lopyapyala, yomwe mungaidule ndi sizasi. Eni ake adaupangira makamaka kuyeretsa mpweya wa m'mafakitale ndi kuchotsa zitsulo zosungunuka m'madzi. Ntchito ya utotoyi anthu amaupatsa chifukwa utoto wambiri wonyikira nsalu ukasungunuka umakhala ndi chaji, kamphamvu ka magetsi ka positive kapena ka negative, ndipo chaji ndicho chomwe ulusiwu umagwira, n'chifukwa chake umatchedwa ion exchanger.

Dulani kachidutswa ka magalamu 0.1 ka FIBAN wa mtundu wa K-1, muponye m'botolo la mamililita 100 a madzi okhala ndi mamiligalamu 50 pa lita a utoto wa methylene blue, mukhutchumule. Pakapita mphindi zochepa madzi aja amayamba kuyera, kansalu kaja n'kubiriwira mpaka kuda. Resin wa timikanda, pulasitiki wogwira chaji amene amayeretsera madzi, amachitanso zomwezo, koma mudikira nthawi yaitali. Chifukwa chake si matsenga. Kamkanda ka resin kamakula pafupifupi mamilimita 0.6, pomwe kaulusi kamodzi ka FIBAN kamakhuthala ma micron makumi ochepa chabe, tinene 40, kapena kuti mamilimita 0.04. Utoto uyenera kuyenda kuchoka kunja kulowa mkati, ndipo nthawi ya ulendowo imakula mowirikiza mtunda ndi mtunda womwewo. Mtunda ukachepa ka 15, nthawi imachepa ka 200 ndi kupitirira. Pa utoto, womwe ma molecule ake ndi akuluakulu ndipo amayenda mwaulesi, phindu limeneli ndi lenileni, ndipo ndilo chifukwa chachikulu chogulira ulusi m'malo mwa timikanda.

Koma FIBAN si chinthu chimodzi, ndipo ambiri amalakwa pa sitepe yoyamba yomweyi. K-1 ndi A-1 tsinde lake ndi polypropylene, yomwe amaimezanitsa ndi styrene ndi divinylbenzene pogwiritsa ntchito cheza cha gamma. K-1 amamuika magulu a sulfonic, ndiye amagwira utoto wa chaji ya positive, umene onyika nsalu amautcha basic, wonyikira acrylic. A-1 ali ndi magulu a quaternary ammonium, amagwira utoto wa chaji ya negative: wa reactive ndi wa direct wa pa thonje, ndi wa acid wa pa nayiloni ndi ubweya. K-4 ndi polypropylene ya acrylic acid, m'bale wofooka wa K-1. AK-22 ndi A-5 tsinde lake ndi polyacrylonitrile, acrylic yemweyo wa majuzi, yoikidwa magulu a amine. Awa ndi abale ofooka a A-1. Mawu akuti ofooka asakunyengeni. Tiona kutsogoloku kuti pa utoto wofookayo nthawi zambiri ndi amene amabweza ndalama.

Utoto wopanda chaji ulusiwu alibe nawo ntchito. Wa disperse, wonyikira polyester, umangodutsa kapena kumata pamwamba n'kutseka njira. Indigo wa majini ndi utoto wina wa vat ukakhudzana ndi mpweya umasanduka timibulu tosasungunuka. Pigment ya pa zodinda chimodzimodzi. Zimenezo n'za alum kapena ferric chloride ndi thanki yodikhitsira matope. Ngati fakitale yanu imanyika polyester kwambiri, nkhani yathera pano, sungani ndalama zanu.

Manambala a pa pepala ndi a m'ngalande

K-1 amatenga pafupifupi 3 meq pa galamu (meq ndi muyeso wa kuchuluka kwa chaji), A-1 pang'ono kuchepera apo, pafupifupi 2.7. Mukachulukitsa, manambala amakoma. Acid Orange 7, utoto wa acid, imalemera magalamu 350 pa mole (muyeso wowerengera ma molecule) ndipo ili ndi chaji imodzi, ndiye galamu imodzi ya A-1 ikanayenera kunyamula mamiligalamu oposa 900. Reactive Black 5, ya magalamu 992 pa mole ndi machaji anayi, ikanapereka pafupifupi 670. Awo ndi malire a masamu, a utoto umodzi m'madzi a distilled. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Nyerere yoyamba ndi mchere. Ponyika thonje ndi utoto wa reactive amathira mchere wamba kapena sodium sulfate magalamu 30 mpaka 100 pa lita, kuti utoto ukankhidwire pa nsalu. Tengani magalamu 50 a sodium sulfate pa lita: amenewo ndi 700 meq. Reactive Black 5 ya mamiligalamu 100 pa lita ndi 0.4 meq basi. Ndiye kuti pa mpando uliwonse wa pa ulusi, chaji imodzi ya utoto ikulimbirana ndi machaji oposa 1,700 a sulfate. Utoto umapambanabe kangapo, chifukwa kuwonjezera pa chaji umamatirira pa styrene mwa njira ina, koma zomwe ulusi unganyamule zimatsika kwambiri, ndipo utoto umayamba kutuluka msanga. Mchere womwewo ndi umene timatsukira ulusi, ndiye kuthira madzi a m'bafa lonyikira pa column, paipi yodzaza ulusi imene madzi amadutsamo, kuli ngati kugwira ndi dzanja ili uku mukumasula ndi linalo.

Yachiwiri ndi yakuti utoto wa m'ngalande si uja wa m'chitini. M'bafa la soda ash, pa pH 11 ndi kutentha kwa madigiri 60, gawo la utoto wa reactive limagwirana ndi madzi m'malo mwa thonje, ndipo limeneli ndilo limatayidwa. Reactive Black 5 ikatero imataya magulu ake awiri a sulfate, n'kutsala ndi machaji awiri m'malo mwa anayi. Amene wayesa ulusi ndi ufa wa m'chitini wosungunula m'madzi ozizira wayesa chinthu china. Ngati mulibe madzi enieni a ku fakitale, phikani utotowo ndi soda ash pa madigiri 60 mpaka 80 kwa ola limodzi kapena awiri, muuziziritse, mutsitse pH, kenako muyese.

Zina zimabwera mwakachetechete. Sopo ndi mankhwala onyowetsera nsalu ambiri ali ndi chaji ya negative ndi mchira wamafuta, ndipo amakakamira pa A-1 osafuna kuchoka. Mankhwala ofewetsa nsalu a chaji ya positive amachita zomwezo pa K-1. Sitachi ndi guluu wa PVA zochokera ku desizing, kutsuka nsalu isananyikidwe, zimakuta ulusi ngati phala. Hydrogen peroxide yotsala poyeretsa nsalu, komanso klorini, zimadya ulusi weniweniwo pang'onopang'ono. Kwa ogwiritsa madzi a pa mjigo, K-1 ndi K-4 amathera mphamvu pa calcium ndi magnesium: madzi olimba a mamiligalamu 200 pa lita, poyeza ngati calcium carbonate, ali ndi 4 meq, pomwe methylene blue ya mamiligalamu 50 ndi 0.16 meq. Ayironi wa m'madzi omwewo amasiya dzimbiri pa ulusi, lomwe limachoka ndi asidi.

Malo oyenera ulusiwu ndiye ndi kumapeto: madzi otsukulutsira achitatu kapena achinayi, amene mchere watha koma mtundu ukadalipo, kapena madzi amene adutsa kale m'madamu a tizilombo ndi m'thanki ya alum koma akutulukabe ofiirira. Pamenepo umachita bwino kwambiri.

Kumanga column yoyesera

Musagule makilogalamu musanayese ndi madzi anu. Paipi yoonekera mkati ya mamilimita 25 m'mimba mwake, yodzazidwa kutalika masentimita 20, imapereka pafupifupi mamililita 100. Muikemo magalamu 15 a ulusi wouma, kapena kuti magalamu 0.15 pa mililita. Mukapanikiza mocheperapo madzi amadzipezera tinjira. Mukapanikiza kwambiri pampu imalira ndipo madzi sayenda.

Ngati mwagula wa nsalu, dulani tizidutswa tozungulira tokulirapo kuposa paipi ndi milimita imodzi kapena iwiri, kuti tikanikize khoma. Apa ndi pamene ma column ambiri amalepherera. Mukaona kamzere ka utoto kakutsika m'mbali mwa khoma pomwe pakati pakadali poyera, dziwani kuti madzi akulambalala, ndipo manambala onse amene mutenge ndi abodza. Ulusi muuviike kaye usiku wonse, chifukwa umafufuma, ndipo mukaulonga wouma umathina ukanyowa. Dzazani paipi ndi madzi kuchokera pansi, muziika chidutswa chimodzichimodzi pansi pa madzi, mukufinya ndi kandodo kuti thovu lituluke. Thovu lotsala limaoneka ngati kadontho koyera pakati pa ulusi wodetsedwa, ndipo malo amenewo sagwira ntchito. Pansi ndi pamwamba ikani kambale kobowolabowola kogwira ulusi kuti usasunthe.

Musanathire madzi a utoto, konzani chaji. A-1 mudutsitse madzi a mchere wamba, magalamu 50 pa lita, theka la lita, kenako mutsukuluze. Akatero ali mu mtundu wa chloride, womwe umapirira kutentha kuposa wa hydroxide. Wa hydroxide musamupitirize madigiri 60, ndipo ndi bwino madzi onse aziyamba atsika pansi pa 40. K-1 muchite naye chimodzimodzi kuti akhale wa sodium, apo ayi madzi otuluka adzakhala a asidi n'kudya mapaipi achitsulo. AK-22 ndi A-5 amafuna asidi wochepa, hydrochloric wa 0.1 M, kuti amine atenge chaji, ndipo madzi olowa akhale pa pH 3 mpaka 5. Pa pH 10 ulusi umenewu uli ngati nsanza wamba. K-4 ndi mosiyana: amadzuka pH ikapitirira 6.

Patsogolo pa column payenera kukhala fyuluta ya ma micron 5, ya mtundu wamba wa mainchesi 10 ija. Izi si zosankha. Timikanda ta resin mukhoza kutitsuka pobweza madzi kuchokera pansi, n'kumavina zinyalala zikuchoka. Ulusi suvina. Ubweya wa nsalu ndi matope zikalowa zalowa, ndipo ulusi wabwinobwino mudzautaya chifukwa chotsekeka, usanadzaze n'komwe. Ikani geji ya pressure kutsogolo ndi kumbuyo kuti muziona kusiyana kukamakwera.

Yambani ndi malita 2 pa ola, kutanthauza kuti madzi akukhala mu ulusi mphindi zitatu. Tengani sampulo pa lita iliyonse. Okhala ndi spectrophotometer, makina oyezera mtundu m'madzi, ayeze methylene blue pa 664 nm, Reactive Black 5 pafupi ndi 597 nm, Acid Orange 7 pafupi ndi 484 nm. Opanda makinawo asadandaule: sungunulani madzi olowawo ndi madzi oyera ka 5, ka 10, ka 20 ndi ka 50 m'mabotolo ofanana, muwandandalike pa pepala loyera pafupi ndi windo, muziyerekeza. Diso limaona utoto ngakhale uli miligalamu imodzi pa lita. Madzi otuluka akafanana ndi botolo la ka 20, imani, lembani malita. Kenako bwerezani ndi ulusi watsopano pa malita 4 pa ola, ndi pa 8. Apa ndi pomwe ulusi umaonetsa ukatswiri wake, chifukwa malita amene umayeretsa satsika kwambiri mukathamangitsa madzi, pomwe timikanda timayamba kudontha utoto msanga.

Masamu ake ndi awa, mongopereka chitsanzo. Tinene madzi anali ndi mamiligalamu 50 pa lita ndipo mtundu waoneka pa malita 30. Ulusi wanyamula mamiligalamu 1,500, kugawa ndi magalamu 15, ndiye 100 pa galamu. Malo otaya malita 1,000 pa tsiku amataya magalamu 50 a utoto, choncho amadzaza theka la kilogalamu ya ulusi tsiku lililonse. Ikani ma column awiri motsatana, woyamba azidzaza mpaka kukhuta pomwe wachiwiri akugwira zopulumuka, kenako muzisinthanitsa. Koma taonani nambalayo: theka la kilogalamu pa tsiku. Ulusiwu ndi wodula kuposa resin wamba ndi makala a activated carbon. Ukapanda kutsukika n'kugwiranso ntchito kambirimbiri, palibe bizinesi imene ingaukwanitse.

Kumasula

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pomwe A-1 amatikhumudwitsa. Mphamvu yomwe imamuchititsa kugwira utoto pakati pa mchere ndi yomweyo imamukaniza kuumasula. Njira yodziwika yotsukira resin wodetsedwa ndi madzi a mchere magalamu 100 ndi caustic soda magalamu 20 pa lita, otentha madigiri 35 mpaka 40. Pa column yathu ija mudutsitse mamililita 300 mpaka 500 pang'onopang'ono, 200 pa ola, kuchokera kumene madzi amatulukira kupita kumene amalowera, ndipo pakati muimitse ola limodzi kuti zilowerere. Poyamba pamatuluka zakuda ngati inki, kenako zimayera, koma ulusi mukauyang'ana ukadali wakuda. Utoto waukulu wa machaji angapo, monga wa direct ndi wa reactive, wambiri umatsalira, ndipo ulendo uliwonse malita amacheperachepera.

Chomwe chimathandiza ndi ethanol kapena methanol, pafupifupi theka ndi theka ndi madzi a mchere kapena a asidi, chifukwa ndi amene amamasula kumatirira kwa pa styrene kuja. Ethanol ku Malawi amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, kotero kupezeka kwake si vuto lalikulu, koma ndi ndalama ina, amayaka moto, ndipo mchere wambiri susungunuka mwa iye. Chepetsani mcherewo kufika magalamu 30 mpaka 50 pa lita. K-1 ndi utoto wa basic nkhani ndi yomweyo: hydrochloric wa 1 M yekha amachotsa pang'ono, wosakaniza ndi ethanol amachotsa zambiri. Asidi wa nitric musamuyandikize n'komwe. Akakumana ndi ion exchanger wa mtundu uliwonse wa pulasitiki akhoza kutentha mpaka kuphulitsa chotengera.

Abale ofooka aja pano ndi pomwe amawina. AK-22 kapena A-5 mukamuthira caustic soda wa magalamu 4 mpaka 20 pa lita, amine amataya chaji, ndipo utoto umasowa pogwira. Palibenso styrene woti umatirire. K-4 amamasula ndi asidi wochepa mwa njira yomweyo. Mtengo wake ndi wakuti muyenera kutsitsa pH ya madzi olowa nthawi zonse, ndipo mukatsuka muyenera kubwezeretsa chaji ndi asidi. Chenjezo limodzi: polyacrylonitrile sagwirizana ndi caustic wotentha, amasintha n'kufooka, ndiye tsukani ndi wozizira ndipo musausiye ulusi uli chiviikire mmenemo. Pa utoto wa negative, ife tingayambe kuyesa ofookawa, A-1 n'kumusungira column yomaliza yogwira zotsalira, yomwe imadzaza mochedwa. Ndipo kuyesa kulikonse kupitirire maulendo 10 ogwira ndi kumasula. Ulendo woyamba ulusi uliwonse umaoneka ngwazi.

Mukamaliza zonsezi utoto sunathe. Unali m'malita 30, tsopano uli mu theka la lita, wokhathamira ka 60, wosakanikirana ndi mchere ndi caustic. Kuuthira m'ngalande ndiye kuti mwangovutika chabe. Madzi okhathamirawo akakhala ochepa akhoza kuumitsidwa m'mabeseni osaya, osadontha, pansi pa denga, zotsalazo n'kupita kumalo ovomerezeka a zinyalala zoopsa. Njira ya Fenton, ya ferrous sulfate ndi hydrogen peroxide pa pH 3, imaphwanya utoto, kungoti chloride wambiri amaifooketsa ndipo pamafunika asidi wochuluka kuti mutsike kuchoka pa pH 13. Pali chinyengo china chofala m'ntchitoyi, chothira hydrosulfite kuti mtundu uzimiririke. Mtundu umazimiririkadi, koma utoto wa gulu la azo, monga Reactive Black 5, ukaduka motero umasiya ma aromatic amine osaoneka, ena mwa iwo oyambitsa khansa. Ulusi wotha ntchito musauotche pa dzala: polyacrylonitrile akamapsa amatulutsa hydrogen cyanide, ndipo K-1 amatulutsa utsi wa sulfur.

Madzi otuluka mu column nawonso, ngakhale ayere ngati a pa mpopi, mchere wake uli momwemo ndipo COD, muyeso wa zinyalala zodya okosijeni m'madzi, yatsika pang'ono chabe. Oyeza za chilolezo chotayira madzi mumtsinje sayang'ana mtundu wokha.

Pali malo amodzi ang'onoang'ono amene K-1 kapena K-4 akuyenera bwino: sinki ya labotale ya chipatala kapena ya sukulu. Methylene blue, crystal violet, safranin ndi basic fuchsin zonse ndi za chaji ya positive, madzi ake ndi malita ochepa pa tsiku, ndipo mchere mulibe wambiri. Column ya magalamu 50 ikhoza kukhala nthawi, ndipo ikadzaza n'kuitaya yonse ngati zinyalala zoopsa, osavutika ndi kutsuka. Kumbukirani kuti phenol wa mu carbol fuchsin amadutsa, eosin amafuna ulusi wa mtundu wa A, asidi ndi alcohol wochotsera utoto pa ma slide amamasula zomwe ulusi wagwira kotero azitayidwa padera, ndipo ulusi supha tizilombo.

Poyerekeza ndi makala a activated carbon, makala sasankha utoto ndipo ndi otsika mtengo, koma amachedwa, amafuna thanki yaikulu, ndipo kuwadzutsanso kumafuna ng'anjo ya madigiri 800 kapena kuposa. Amene madzi ake amasinthasintha, lero thonje mawa polyester, makala amuchitira bwino. Amene ali ndi utoto wa mtundu umodzi wodziwika, malo ochepa, ndi munthu wotha kuyeza pH tsiku ndi tsiku, FIBAN ndi katundu wabwino. Ulusi wina wa mtundu womwewu uliponso, monga IONEX wa Toray ku Japan ndi VION wa ku Russia, ndipo mayeso ake ndi omwewa. Fyuluta ya ulusi wa polypropylene wamba ndi timatiresi toyamwa mafuta si ion exchanger, ngakhale zioneke mofanana. Zimadetsedwa pamwamba basi.

Poitanitsa, pemphani kaye sampulo ya magalamu 100 ya mitundu iwiri kapena itatu, ndi pepala lonena meq pa galamu, mtundu wa chaji umene ulusi wabwera nawo, ndi chinyezi chake, chifukwa mukawerengera ulusi wonyowa ngati wouma masamu onse apotoka. Funsaninso banki yanu msanga, popeza mabanki ena a ku Belarus adaikidwa pa ziletso za European Union ndi United States ndipo malipiro akhoza kukanidwa. Katundu akafika, musungeni m'thumba la pulasitiki lomata bwino, kutali ndi dzuwa lomwe limafumbutsa polypropylene. Musamuike m'sitolo imodzi ndi mabotolo a ammonia kapena a asidi. Ulusiwu adaupangira kuyamwa mpweya wotere, ndipo thumba likakhala lotsegula umayamba ntchito pa shelefu pomwepo.